Mlonda Wamanga Mwini Nyumba

Pa depoti ina yogula thonje pa Ngabu, mtima wa ntchito unali seva imodzi, kompyuta yaikulu yosunga kaundula yense. Mlimi akaika thonje pasikelo, sevayo inkalemba dzina lake ndi kulemera kwa thonjelo, n'kutulutsa tikiti. Popanda tikiti, thonje silinkalandiridwa.

Ankaisamala anali Mayi Clotilda, koma atawasamutsira ku Nsanje ntchitoyo inagwera Lorenso, bambo wodzimva kudziwa, amene anali akadali pa miyezi itatu yoyesedwa. Potsanzika, mayiwo anamusiyira kapepala ka malangizo a mapulogalamu awiri: antivayirasi, mlonda wogwira zoipa zolowa m'kompyuta, ndi bakapu, yokopera mafayilo kuti asatayike.

"Mafoda ndalemba apawa antivayirasi isamawagwire, achimwene. Bakapu nayonso isamakopere fayilo ya detabesi, yosunga mayina a alimi ija, ikadali pantchito. Izitenga kope limene seva imatulutsa yokha tikaweruka."

"Pyadidi, mayi," anavomera Lorenso, koma mumtima akuseka. Mlonda wanji wouzidwa kuti chipinda china asasuzumiremo? Lachisanu anafufuta zonse zimene mayiwo anapatula, n'kulamula antivayirasi kuti izifufuza paliponse, bakapu izikopera chilichonse ola ndi ola. Kapepala kaja anakulungiramo chitumbuwa.

Lolemba thonje linabwera ngati lapangana: ngolo za ng'ombe zochokera ku Chapananga, njinga zolemedwa mpaka matayala kuphwa. Itangokwana naini koloko, seva inaima njii. Antivayirasi inaona fayilo ya detabesi ija ikusinthasintha mphindi iliyonse, n'kuiyesa mbava, n'kuitsekera, uku bakapu ikukoka mwendo wina. Lorenso anazimitsa n'kuyatsa kanayi konse, thukuta lili kamukamu.

Dzuwa la kuchigwa silinyengerera munthu. Alimi anayamba kung'ung'udza.

"Ife tanyamuka kusanache, bwana," anatero Mayi Esinala, mlimi wa ku Chapananga, atakhalira thumba lawo. "Ngati makina anuwo adwala, tiuzeni. Wogula wina ali patsidya pa msewu pomwepa."

Ngolo ziwiri zinatembenukadi. Manijala wa depotiyo anamuyang'anitsitsa Lorenso, ndipo iye anaona ntchito ikumupulumuka m'manja. Mantha anamugwira zedi. Anafukula kapepala kaja m'dengu la zinyalala, koma kanali mafuta okhaokha, zilembo zosawerengeka. Anameza manyazi n'kuimba foni ku Nsanje.

Mayi Clotilda anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti mlonda wanu wamanga mwini nyumba? Pitani pamene antivayirasi yatsekera fayiloyo, muibweze m'malo mwake. Mukatero tengani cholembera, ndikutchulireni mafodawo."

Pasanathe theka la ola, makina osindikiza anayamba kulavula matikiti. Mayi Esinala anaimba nthungululu, ndipo mwini wa ngolo imodzi ataimva anabweza ng'ombe zake. Inayo inapita ndithu.

"Takhuta, mayi," anatero Lorenso pafoni, mawu ali pansipansi.

"Mudzathokoze ndi nsomba youma ndikadzabwera," anayankha mayiwo.

Ntchito inapulumuka, ndipo nsomba anaperekadi. Lero mndandanda wa mafoda aja uli m'felemu pakhoma, pamwamba pa seva. Mlendo akafunsa chifukwa chake pepala wamba lalemekezedwa chonchi, Lorenso amagwira khutu lake n'kuseka. Anaphunzira dzuwa lili paliwombo kuti wakutsina khutu ndi mnansi.