Thabwa la Khwangwala

Padangotero, kale nyama zikadali ndi msika wawo patsinde pa mkuyu, Gologolo anagwidwa ataba njere zitatu za mtedza wa Mayi Nkhanga. Mwambo unali woti wakuba zazing'ono apepese, asese msika, nkhani ithe.

Koma panali Khwangwala, amene anakhalapo zaka ziwiri padenga la khoti m'tauni. Nzeru sanatoleko, anatola mawu.

"Kusesa? Abale, mwatsalira," anatero Khwangwala. "Kuba kwakung'ono kotere Angerezi amati pilifa, mawu akalekale onena za katundu wolanda. Ndipo mawu awo a kuchititsa munthu manyazi anachokera ku dothi. Wolakwa umamutsitsa mpaka pansi!"

"Pa njere zitatu zokha?" anafunsa Mayi Nkhanga. "Tsitsaniko pang'ono, bambo. Mtedza wanga wabwerera kale."

"Sinditsitsa. Kwawoko kunali thabwa lotchedwa pilori. Khosi umu, manja umu, pakati pa msika, aliyense aone."

Gologolo anabisa nkhope ndi mchira. Mwana wake wamkazi anali ndi chinkhoswe sabata lomwelo, ndipo akuchimuna anali mumsikamo akugula bowa.

Koma nyama zimakonda zachilendo. Zinaitana mmisiri Gogomole. Anagogoda, anagogoda, anaboola, anaboola, nalipaka laimu thabwalo kuti lioneke laulemu.

"Kaya ndakhoza, kaya ndalakwitsa," anatero Gogomole. "Sindinalionepo ine. Munthu amalowamo bwanji?"

"Vuto la kusayenda limenelo," anatero Khwangwala. "Penyani kuno."

Analowetsa khosi m'bowo lapakati, natambasulira mapiko m'mabowo am'mbali. "Mwaona? Tsono mumatseka."

Gogomole anatseka. Pamenepo m'khwapa mwa Khwangwala munayamba kugwa zinthu: usipa, kachidutswa ka sopo, ndi mtedza wodzaza chikhatho.

Mayi Nkhanga anatola mtedza uja, naununkhiza.

"Wanga uwu. Nanga bambo, kuba kwa chikhatho chonse Angerezi amati chiyani?"

"Amayi, tisapite patali," anatero Khwangwala. "Mwambo wathu ndi wabwino. Ndipatseni tsache."

"Tsache ali nalo a Gologolo, akusesa. Inu khalani momwemo, tikuphunzira."

Anakhala momwemo mpaka msika unatha, akuchimuna aja akudutsa kawiri konse kudzamuona. Laimu woyera wa pathabwa uja anam'matirira pakhosi, ndipo sanachoke mpaka lero.

Ana inu, musanaboolere mnzanu thabwa, yambani mwakutumula m'khwapa mwanu.