Minga ya Kukhwawa

Panali munthu wina amene ankalima maluwa a rozi m'tsinde mwa phiri. Maluwa ake anali ofiira psuu, ndipo ukwati uliwonse m'deralo unkakongola ndi iwo. Mkuluyu ankayenda monyada, ngati mvula amagwetsa ndi iye.

Koma rozi wa m'mundayo anali ndi mizu yofooka, payekha sankapirira dothi la kumeneko. Choncho chaka ndi chaka mkazi wake ankatsikira kukhwawa, kumene kunali chitsamba cha rozi wakutchire, waminga, wa timaluwa totuwa tosagulika. Ankadulako nthambi n'kuzidzala. Zikagwira mizu, mwamunayo ankamezanitsapo rozi wokongola uja. Anthu ankayamikira zapamwambazo, za mizu panalibe wofunsa.

Malonda atakula, munthuyo anaona kuti munda wamuchepera. Anasirira dothi lakuda la kukhwawa kuja, n'kunola chikwanje.

Mkazi wake anati, "Bambo a Tiyesere, siyankoni ngakhale tsinde limodzi."

Iye anayankha, "Minga imeneyi ili ponseponse. Tikaifuna tikapempha kwa anzathu." Anadula, anazula zitsa, natentha.

Zinayenda bwino kwa kanthawi. Kenaka mitengo ya m'munda ija inakalamba, n'kuyamba kuuma umodziumodzi ndi mizu yomwe. Anayesa kudzala nthambi za rozi wokongola uja pazokha. Zinkaphuka timasamba tiwiri titatu, n'kuvunda.

Mtima uli m'mwamba, anatenga thumba kukapempha rozi wakutchire kwa alimi anzake. Wa kutsidya anati, "Tinatentha kalekale, achimwene. Ife timati kwanu alipo." Wa kuseri kwa phiri ananena mawu omwewo. Aliyense anali atasungitsa kwa mnzake.

Anabwerera thumba lili lopanda kanthu. Mkazi wake anangoliyang'ana. Mwamunayo anatsikira kukhwawa, nagwada, nafukula dothi ndi zala kufunafuna ngakhale kamuzu kamodzi. Koma ntchito yake yozula ndi kutentha ija anali ataigwira bwino zedi. Bambo wamkuluyo analira pomwepo, chisoni cha munthu wodziwa kuti palibe wina woti n'kumuloza chala koma iye mwini.

Inu amene mukundimva, paja amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Aliyense wa inu ali ndi chinachake chaminga, chosagulika, chimene chamunyamula pansi pa nthaka. Musanachitenthe poganiza kuti kwa mnzanu chilipo, pitani kaye mukamufunse. Mwina nayenso akudalira kwanu.