Dzanzi la Nyani

Kalekale, ana inu, Nyani anagwira Gologolo nkumusandutsa mtengatenga wake. Gologolo kunyamula chimanga, Nyani kudya. Kunyamula mtedza, Nyani kudya. Mimba imene ija, abale, inalibe pothera.

Gologolo anali ndi mkazi ndi ana kutsidya kwa mtsinje, ndipo ankawasowa koopsa. Akakwera mumtengo ankangoyang'ana utsi wa kwawo, misozi ili mbwembwembwe. Pamtsinjepo panagwera nsungwi yopyapyala, yoti iye akanawolokerapo koma Nyani ayi. Vuto linali kukafikapo. Akati athawe, Nyani liwiro, gwi! pamchira.

Tsiku lina Gologolo anati, "Achimwene, kwathu kuli ukwati. Maungu, nthochi, thobwa losefukira m'mbiya."

"Nanga ukuchedweranji? Tsogola!"

Atayandikira mtsinje, Gologolo anaima. "Kwathu mlendo salowa chilowereni. Amagwada pano, nkukhalira zidendene, mpaka eni mudzi amubweretsere chakudya. Akangodzuka, mbale zimabwerera."

Nyani kugwada anakudziwira kuti? Iye nkukhalira matako basi. Koma dyera! Anagwada, chithupi chonse chija kutsamira pamiyendo.

"Akubwera?"

"Akusenda nthochi."

"Iwe, m'miyendomu mukuyenda nyerere."

"Musagwedezeke, achimwene, angakuoneni."

Tsono mverani, nanunso akuluakulu mukusinza kumbuyoko. M'mwendo muli mitsempha yaitali, yochokera kumsana mpaka kuchala. M'kati mwake timatengatenga tating'onoting'ono timapita, timabwera, titasenza zofunika za mtsemphawo, ndipo chakudya chake chimabwera ndi magazi. Ukaukhalira mwendo, watseka njira. Mtsempha umakhala ndi njala, nkuleka kumva. Dzanzi ndi limenelo.

Dzuwa litakwera, Gologolo ananyamuka, osathamanga nkomwe. "Tsalani bwino, achimwene."

Nyani ati adumphe, miyendo ngati yobwereka. Khu, chafufumimba! Ati adzukenso, khu! Anatukwana mpaka mbalame zinathawa m'mitengo, koma mnzake anali atawoloka kale.

Gologolo anafika pakhomo manja atatambasula. Mkazi wake anataya lichero, kulira ndi chimwemwe. Koma kamwana kotsiriza kanabisala kumbuyo kwa amake, kusuzumira, nkufunsa, "Amayi, mlendoyu akufuna ndani?"

Gologolo anangokhala pansi, manja akadali chitambasulire. Zinamuwawa, ana inu, kuposa katundu yense wa Nyani.

Nthano yanga yagonera pomwepa. Wina akakuuzani kuti dikirani mbale ikubwera, muziyamba mwawongola miyendo. Inu mwakhala chipindire miyendo kudikira mbatata zanga zili pamotozi, taimani tione.