Unyolo wa Mapepala a Sakina

Che Lifa anatipeza pa bwalo la mpira la sukulu ya pulaimale dzuwa lisanatuluke bwino. Anabwera akuthamanga, monga amachitira m'mawa uliwonse akachoka ku mzikiti, koma tsiku limenelo sanatidutse ndi salamu yokha. Anaima patsogolo pathu, thukuta likutsikira m'khosi, jumbo yakuda ili m'manja.

Ndinali ndi Mwalimu Abiti Chande, mayi amene anandiphunzitsa alifu, chilembo choyamba cha Chiarabu, ndili ndi zaka zisanu, ndipo tsopano ndimaphunzitsa nawo atsikana ku madrasa kwathu kuno ku Balaka. A dokotala anawalamula kuti aziyenda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ndi maondo. Choncho tikaswali m'bandakucha timazungulira bwalolo kakhumi, iwo ndi ndodo yawo, ine ndi botolo la madzi. Nthawi zambiri sitiyankhula. Iwo amabwereza masura a m'buku loyera chamumtima, ine ndimawerenga kuti tazungulira kangati.

"Asalamu alaikum, Mwalimu."

"Wa alaikum salamu, bambo a Sakina. Kwadzuka bwanji kunyumba?"

"Kwadzuka, koma osati bwino kwenikweni. Ndabwera ndi nkhani. Tingakhale pansi pang'ono?"

"Ndikakhala pansi, maondo awa adzuka nthawi ya Zuhuri, dzuwa lili pamutu. Rukaya, tafika kangati?"

"Kanayi," ndinayankha.

"Kwatsala kasanu ndi kamodzi. Yendani nafe, nkhaniyo tiimve tikuyenda."

Che Lifa ndi munthu wodziwika kwathu kuno. Anaphunzira Chiarabu zaka zinayi ku Blantyre, ali ndi sitolo ya mankhwala a ziweto, ndipo a Shehe akachokapo ndi iwo amene amatsogolera Swala. Miyendo yawo siidziwa kuyenda pang'onopang'ono. Akayenda mapazi khumi ankapezeka atatisiya, n'kuima, n'kudikira kuti ndodo ya Mwalimu iwapeze.

Nkhani yawo inali iyi. Mwana wawo Sakina, wa zaka khumi ndi chimodzi, anali atamaliza kuwerenga Msahafu wonse, buku lathu loyera, ndipo Loweruka likudzalo kunayenera kuchitika chisangalalo kunyumba kwawo. Iwo anali atapita ku Lilongwe masiku atatu kukaoda katundu. Pobwera dzulo lake madzulo, anapeza pabalaza ponse patakongoletsedwa. Akazi awo anali atapanga unyolo wa mapepala wozungulira khoma, ndi maluwa a mapepala olendewera pa ulusi kudenga.

"Ndili pakhomo ndinakondwera," iwo anatero. "Nditayandikira ndi pamene ndinaona kuti mapepalawo awachotsa kuti."

Anatsegula jumbo ija n'kutulutsa chidutswa cha unyolowo, mphete zisanu ndi ziwiri zolumikizana, ndi duwa limodzi. Pamapepalapo panali mizere ya kope, ndi zolemba za mwana, zina za pensulo, zina za bolopeni ya buluu. Anali makope akale a Sakina a ku madrasa.

"Onani apa, Mwalimu. Iyi ndi aya ya mu Msahafu. Ndipo apa sizasi yadutsa pakati pa dzina la Allah."

Mwalimu anaima. Anandipatsa ndodo, n'kupukuta manja pa mpango wawo, n'kulandira unyolowo ndi manja awiri. Anauyang'ana nthawi yaitali, atauyandikitsa kumaso chifukwa magalasi anali atasiya kunyumba.

"Ili ndi kope la chaka chachiwiri," anatero. "Taona, Rukaya. Apa Sakina ankalembabe chilembo cha jimu ngati mbedza ya nsomba. Ndinavutika naye mwana ameneyu."

Che Lifa sanamwetulire.

"Mwalimu, ine ndagamula kale za kunyumba kwanga. Ndawauza mayi ake kuti Lachisanu apite kwa achemwali awo ku Liwonde, akabwere chisangalalo chitatha. Chimene ndikupempha kwa inu n'chakuti pa maphunziro a amayi Lachisanu lomwelo, asananyamuke, muwadzudzule pamaso pa anzawo, kuti ena atengerepo phunziro. Ndikanena ine aziti ndi ukali wa mwamuna. Mukanena inu amva."

"Ndamva pempho lanu," Mwalimu anatero. Anabweza unyolowo m'jumbo bwinobwino, n'kutenganso ndodo. "Tiyeni tiziyenda, magazi angaiwale ntchito."

Tinazungulira theka la bwalo. Kutali kunkamveka njinga za kabaza zikupita kudepoti.

"Amata ndi chiyani?" Mwalimu anafunsa.

"Pepani?"

"Mphetezi. Zagwira bwino. Amata ndi chiyani?"

"Ndi phala la ufa wa chinangwa, ndikhulupirira. Ndinaona kapoto kake kukhitchini."

"Zilipo zingati?"

"Sindinawerenge. Zazungulira pabalaza kawiri."

"Kawiri. Ndi masiku atatu okha, uku akukazinga mandasi m'mawa uliwonse. Munawafunsa chifukwa chake anasankha makope, pamene mapepala amitundu ali mbwee kumsika?"

"Ndinafunsa." Che Lifa anapukusa mutu. "Akuti mapepala a kumsika sanena kanthu. Akuti ankafuna alendo aone njira yonse imene mwana wayenda. Ayambira pachitseko ndi kope loyamba, la zilembo zokhazokha, n'kumatsata manambala a pachikuto mpaka kope lomaliza, limene lathera pamwamba pa mpando umene Sakina adzakhalepo. Mukuona nzeru zake, Mwalimu?"

"Ndikuziona."

Mayi a Sakina ine ndimawadziwa. Anakulira ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene kunalibe madrasa pafupi. Amaswali ndi masura atatu amene anawagwira ndi khutu. Zaka zisanu ndi chimodzi zimene Sakina wakhala pa madrasa ankabwera ndi mwanayo masana aliwonse, beseni la mandasi lili pamutu, ndipo kalasi ikayamba sankachoka msanga. Ankakhala pakhonde, pansi pa windo. Ana akamabwereza, ndinkaona milomo yawo ikugwedera. Sindinawaitanepo kuti alowe. Ndinkadziuza kuti ndiwachititsa manyazi, koma manyaziwo anali anga.

"Funso lina," Mwalimu anatero titafika pa golo lakumwera. "Munthu akamadula maluwa ngati awa, tizidutswa timagwa tambiri. Tili kuti?"



"Pansi sindinapezepo kanthu."

"Kudzala?"

"Ndinapitako nthawi yomweyo, kusanade. Ndinafukula ndi kamtengo. Munalibe."

"Pambaula?"

"Ayi." Apa mawu awo anatsika. "Ndinatipeza pamwamba pa wodilopu, m'chitini cha mabisiketi. Atikulunga mu mpango woyera uja amavala pa Idi. Ngakhale kakang'ono ngati chikhadabo kali momwemo."

Mwalimu anangogwedeza mutu, n'kupitiriza kuyenda. Ndinaona kuti ulendo umenewu Che Lifa sanatisiye. Ankayenda kumbali kwa Mwalimu, maso ali pa udzu.

Koma mtima wawo unali usanagonje. Titatha kachisanu ndi chiwiri anayambiranso.

"Mwalimu, cholinga chingakhale chabwino, koma kulakwa ndi kulakwa. Mawu a Allah si maluwa. Ndipo Loweruka kukubwera mashehe atatu amene ndinaphunzira nawo ku Blantyre. Mmodzi wa iwo ndinkamuposa m'kalasi chaka chilichonse. Akanalowa n'kuona zimenezi m'nyumba mwanga, ine ndikanayang'ana kuti?"

"Eya. Ndiye nkhani zilipo ziwiri. Pali ulemu wa mawu a Allah, palinso ulemu wa Che Lifa pamaso pa anzawo a ku Blantyre. Mukufuna tiyambe ndi iti?"

Che Lifa anatulutsa mpweya m'mphuno, pang'ono kuseka, pang'ono kupsa mtima.

"Tiyambe ndi yoyamba, Mwalimu."

"Alhamdulillah, chifukwa yachiwiriyo sindinaiphunzire. Mwakhala nawo zaka zingati mayi a Sakina?"

"Khumi ndi zitatu."

"Dzina limene ladulidwali, munawasonyezapo mmene limalembedwera? Zilembo zake n'zochepa. Mwana wa zaka zisanu amaligwira tsiku limodzi."

"Mwalimu, mukudziwa mmene sitolo ilili. Nthawi…"

"M'mawa mumathamanga kukafika pati?"

"Pa mlatho wa njanji, n'kubwerera."

"Zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Ola limodzi."

"N'zabwino zimenezo, musaleke. Thupi tinachita kusungitsidwa, ndipo ine ndikanayamba pa msinkhu wanu bwenzi ndodoyi ili kuthengo ikubala masamba. Ndangofuna kudziwa ngati ola limapezeka."

Khosi la Che Lifa linagwa. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa si bwino kuyang'anitsitsa munthu wamkulu pa nthawi yotero.

"Musaganize kuti ndikukuunjikirani nokha," Mwalimu anapitiriza. "Makope amenewa anachoka m'manja mwanga. Chaka chilichonse likadzaza ndimapatsa mwana kuti apite nalo kwawo. Zaka makumi atatu ndachita zimenezi, ndipo sindinaitanepo kholo ngakhale limodzi kuliuza kuti umu muli aya, musunge chonchi, likatha ntchito muchite chonchi. Ndinkayesa kuti aliyense akudziwa, chifukwa ine ndikudziwa. Mayi amenewa akhala pakhonde langa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkagula mandasi awo, osawafunsa ngati akufuna kulowa."

"Nanenso ndinkawaona, Mwalimu," ndinatero. Mawuwo anatuluka aang'ono.

"Ndikudziwa, mwanangu. Ndiye tilipo atatu pa bwalo lino odziwa kuwerenga, ndipo amene tikufuna kumuweruza ndi mmodzi yekha amene sitinamuphunzitse."

Tinamaliza kachikhumi dzuwa litafika pamwamba pa mitengo ya kesha. Pafupi ndi mpopi wa sukulu pali benchi ya simenti. Mwalimu anakhalapo, natambasula miyendo, n'kumwa madzi katatu pang'onopang'ono. Che Lifa ananjuta patsogolo pawo, jumbo ija ili pa bondo kuti isakhudze pansi.

"Ndiye ndichite chiyani, Mwalimu? Ndiusiye unyolowo pakhoma?"

"Ayi. Pamenepo mwanena zoona, ndipo Allah akulipireni chifukwa mtima wanu unawawa poona dzina Lake litadulidwa. Aya sizikhala pamene fumbi ndi utsi wa phwando zizifikira, kapena pamene ana azikokera. Zitsike lero."

"Ndikangofika ndikatsitsa."

"Osati nokha. Mukatsitse awiri, mphete imodzi imodzi. Si zonse zili ndi aya. Zambiri ndi zilembo chabe, mwana akuphunzira kugwira pensulo. Zimenezo zibwerere pakhoma mmene mayi ake anazikonzera, kuyambira pachitseko. Za aya muziike padera, mukazikwirire pamalo oyera, pamene anthu saponda. M'mipata yotsalayo muikemo mapepala a kumsika. Omata akhale iwo, inu muzigwirira, poti luso limenelo simunaliphunzire ku Blantyre."

"Nanga iwo asiyanitsa bwanji aya ndi zilembo wamba?"

"Muwawerengera. Iliyonse, mokweza, chala chanu chili pansi pa mawuwo. Mwati unyolowo wazungulira kawiri? Pofika Lachisanu dzina limenelo adzakhala ataliona kambiri moti sizasi yawo sidzalidutsanso moyo wawo wonse. Ndipo Lolemba, ngati afuna, mphasa ya m'kalasi mwa Rukaya ili ndi malo."

Che Lifa anapotokola pakamwa pa jumboyo. Kenako anafunsa motsitsa, ngati munthu amene akudziwa kale yankho koma akufuna alimve ndi makutu.

"Nanga za Lachisanu? Ndi za ku Liwonde?"

"Lachisanu ndidzayankhula kwa amayi za kasungidwe ka makope, ndipo dzina limene ndidzatchule pa olakwa ndi langa. Ine ndimadzudzula wophunzira akaphwanya chimene ndinamuphunzitsa. Amene sindinamuphunzitse ndimamupepesa. Za ku Liwondezo, nyumba ndi yanu, bambo a Sakina, sindingakulamulireni. Koma Loweruka mwana uja akadzawerenga aya yomaliza adzadzutsa mutu kufunafuna nkhope imodzi, ndipo si yanga, si ya mashehe anu. Nkhope imeneyo ikakhala ku Liwonde, ine musandiyalire mphasa. Ndikapezeka kumene kuli mayi ake."