Mwala wa mu Ng'anjo Yong'aluka

Fanizo ili ndinalimva koyamba ku Luchenza, masiku amene sitima ikaima pasiteshoni azimayi ankathamangira kumawindo ndi malichero a nthochi. Ndinkakhala kwa a Dzimbiri, okonza mawailesi, ndikuphunzira ntchitoyo ndi maso okha. Tsiku lina anandionetsa kachipangizo kamiyendo itatu, kakang'ono ngati nyemba, nati m'kati mwake muli kamwala kamene kamatsegulira magetsi njira kapena kuwatsekera. Atakaika pathebulo, anayamba kusimba.

Panali munthu wina, katswiri wa sayansi ya timiyala totere. Timiyalati sachita kukumba. Amatiphika mu ng'anjo, ndipo kachitsotso kosaoneka ndi maso kakalowamo, khalidwe la mwala wonse limasintha. Ali mnyamata, munthuyu anaphika mwala umene pouyeza unaonetsa kuti ukuyendetsa magetsi mwaliwiro kuposa miyala yonse. Analemba zimene anapeza, zinasindikizidwa, dzina lake linawoloka nyanja.

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi mwambo wawo. Munthu akamalemba za kafukufuku wake, amatchula mayina a anzake amene anamulambulira njira, ndipo ukulu wa munthu amauyeza poona kuti watchulidwa kangati. Katswiri uja ankatchulidwa kwambiri. M'mawa asanamwe tiyi, ankayamba wayang'ana pakompyuta kuti chiwerengero chafika pati.

Ng'anjo yake yakale itatha ntchito, anaiphwasula yekha. M'kati anapezamo mng'alu. Anazindikira pomwepo kuti mpweya wolowera pamenepo ndiwo unadetsa mwala wake wotchuka uja, ndipo liwiro limene anayeza linali chinyengo cha litsiro. Anataya ng'anjoyo, osauza munthu.

Anali ndi wophunzira wake, Ndaziona, wamanja osamala kuposa anzake onse. Mtsikanayu anasankha kuphikanso mwala womwewo mu ng'anjo yatsopano, ndipo digiri yake inkadalira pamenepo. Zaka zinapita. Miyala yake inkatuluka yoyera, koma liwiro lija osaoneka. Anzake anamaliza n'kupita, ena akumuseka kuti amaphika miyala ngati akuphika mbatata. Potsiriza anagogoda pa ofesi ya mphunzitsi wake.

"Aphunzitsi, ndiuzeni zoona. Kodi vuto ndi manja angawa?"

Munthu uja anawayang'ana manjawo. Manja a mtsikanayo anali ndi zipsera za moto. Pambali pake kompyuta inali chiyakire.

"Si aliyense anabadwira ntchito imeneyi, mwana wanga," anatero.

Ndaziona anavula jasi lake loyera, nalipachika pamsomali, n'kubwerera kwawo. Sanakhudzenso mwala, ndipo mpaka imfa yake ankauza anthu kuti sukulu inamukanika.

Patapita nthawi, akatswiri a m'mayiko ena anayesa nawonso, nalephera, nayamba kulemba kuti zija zinali zolakwika. Koma mwambo sunasinthe: kuti umutsutse munthu, uyenera kumutchula. Aliyense womutsutsa ankamutchula. Aphunzitsi pochenjeza ophunzira za kafukufuku wolakwika ankamutchula. Chiwerengero chinakwera kuposa kale, pakuti kompyuta siisiyanitsa woyamika ndi wonyoza. Nkhalamba ija inkakhala yokha mu ofesi, popanda wogogoda, ikuonerera dzina lake likukwera. Zoona zina zimene inapeza pa moyo wake, ndipo zinalipo, palibe anazikhulupiriranso. Yekhayo amene akanatha kuziyesa n'kuziikira umboni inali itamuthamangitsa kale.

Apo ndi pamene a Dzimbiri analekera, n'kutolanso kachipangizo kaja.

Inu aphunzitsi achinyamata, mwandisunga bwino pasukulu pano, ndipo ndakumvani mukukamba za maphunziro apamwamba amene mukufuna kukachita. Pitani, mukatchuke. Koma tsiku lina mwana adzaima pamaso panu kufunsa ngati vuto ndi iyeyo, inu mukudziwa kuti ndi ng'anjo yanu. Dzina lanu mudzaliona lalikulu, mwanayo wamng'ono. Muuzeni za mng'aluwo.

Tandipatsirani chikwama changa icho. Ayi, musavutike ndi mphasa. Lole ya ku Mwanza imadutsa anthu asanagone, ndipo ine malo amodzi sandisunga nthawi yaitali. Wailesi yanu ndakonza ija ikulira tsopano, koma musamaisiye padzuwa.