Mwala wa Amonke wa a Tilney

Parishi yathu ya Wendlecote ndi yaing'ono: tchalitchi, bala imodzi, ndi nkhosa zochuluka kuposa akhristu. Koma a Ambrose Tilney, mphunzitsi wopuma pantchito, ankaiona ngati Yerusalemu. Chinkawadya mumtima n'chimodzi. A parishi yoyandikana nafe anali ndi chikalata chosonyeza kuti tchalitchi chawo chatha zaka mazana asanu ndi awiri, pomwe ife tinalibe ngakhale kachidutswa ka pepala.

Tsiku lina akulambula ngalande kuseri kwa manda, anafukula mwala wogobedwa ngati mtondo, uli ndere zokhazokha. Anafika kunyumba matope mpaka m'makutu.

"Mayi a Rosalind, ndapeza mobatiziramo mwa amonke amene anayambitsa mudzi uno! Zaka mazana asanu ndi atatu zimenezi. Ngakhale mtanda ukuoneka m'mbali mwake."

"Tiyi wanu wazizira," anatero akazi awo. "Bwanji osakafunsa kaye a Pocock? Munda wawo ndi umene wachita malire ndi ngalandeyo."

"Ine ndikafunse mbiri kwa woweta nkhumba? Munthu woti nyuzipepala amangokulungira mazira?"

Basitu, mwala uja anautsuka, kuukhazika m'tchalitchi, n'kulemba kabuku ka masamba makumi anayi. Anaitana bishopu, anaitananso a parishi ina ija kuti adzadzionere okha. Kuti zikome, anaumiriza mwana wawo Rosalind kuti khanda lake likhale loyamba kubatizidwiramo.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza. Bishopu atangotunga madzi ndi dzanja, a Pocock, omwe makutu anatha kalekale ndipo kunong'ona sakudziwa, anasendera pafupi.

"Kodi si chodyera cha Duchess ichi? Nkhumba yathu yaikazi ija. Malemu bambo anachiumba ndi simenti nkhondo itangotha."

"Nanga mtandawu?" anafunsa a Tilney.

"Ndi mano ake amenewo, aphunzitsi. Inali yadyera."

Bishopu anapukutira dzanja pamkanjo mwakachetechete. Rosalind anakwatula mwana wake n'kutuluka, alendo aja akuseka mpaka kugwira mabenchi. Ine a Tilney ndinawamvera chisoni, ngakhale kuseka ndinasekako ndithu. Sabata yotsatira khandalo linakabatizidwa ku parishi ina ija, ndipo dzina la mdzukulu wa a Tilney lili m'kaundula wa kumeneko mpaka lero. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.