Nyumba ya Pamwamba pa Che Idrisa

Swala ya Asiri, pemphero la kumadzulo dzuwa lisanalowe, itatha, Che Msusa anatsalira mumzikiti wa pa Ntaja kuti aonane ndi Shehe Jafali, mphunzitsi wokalamba amene sankafulumira kuyankha munthu. Che Msusa anali atangopuma pantchito yoyendetsa galimoto za boma. Ndalama zopumira zinali zitatuluka, ndipo zoterezi sizibwera kawiri.

Atapatsana salamu, anafotokoza vuto lake. Nyumba zogulitsa zinalipo ziwiri. Ina inali yaing'ono, kufupi ndi mzikiti ndi mjigo, ndipo mkazi wake Abiti Daudi, amene maondo ankamuvuta, ankafuna imeneyo. Inayo inali yaikulu, pachitunda, pamwamba pang'ono pa nyumba ya Che Idrisa, mnzake amene anayamba naye ntchito tsiku limodzi.

Chimene sananene n'chakuti chidyereni mpunga wa sadaka yolowera nyumba ya Che Idrisa, mtima wake sunakhalenso m'malo. Inali nsanje yeniyeni, ngakhale mwiniwake ankaitcha kuganiza mofatsa.

"Shehe, swala ya istikhara, yopempha Allah kuti andisankhire, ndaswali katatu," anatero. "Koma mtima sukukhazikika. Mwina duwa yanga, pempho langali kwa Allah, ndi yofooka. Ndithandizeni ndi yanu."

Shehe anati iwonso ndi kapolo wopempha ngati wina aliyense, ndipo duwa yawo ilibe njira yachidule. Kenako anamupempha kuti awafotokozere nyumba ya pachitundayo.

Apa Che Msusa anamasuka. Anati zipinda zake zikuposa za Che Idrisa ndi chimodzi. Khonde lake ndi lalitali kuposa la Che Idrisa. Malata a Che Idrisa ayamba kale dzimbiri, ndipo munthu ukaima pakhomo la nyumba inayo umaona bwalo lonse la Che Idrisa, ndi zovala zomwe zili pachingwe.

"Nanga madzi Abiti Daudi azikatunga kuti?" anafunsa Shehe.

Che Msusa anati zimenezo sanafunse.

"Azana yoitanira anthu ku swala imamveka kumeneko?"

Zimenezonso sanafunse. Anayang'ana pansi n'kuyamba kutosatosa mkeka ndi chala. Manyazi anamugwira, koma anayesabe kudzilimbitsa. Anati iye anagwira ntchito mokhulupirika kuposa mnzakeyo, ndipo si bwino kuti anthu azimuona ngati munthu amene anabwerako chimanjamanja.

Shehe anayankha mofatsa.

"Che Msusa, duwa yanu si yofooka. Woswali istikhara amabwera asanasankhe, n'kunena kuti, 'Mbuye wanga, ndisankhireni.' Inu mwapita kwa Allah katatu konse nyumba atakusankhirani kale Che Idrisa, iwo osadziwa n'komwe. Pitani mukayendere nyumba ziwirizo muli ndi mayi a kunyumba, muziyenda liwiro la maondo awo. Tsiku limene mudzathe kundifotokozera nyumba osatchula dzina la mnzanu, mudzaswali kamodzi kokha ndipo kadzakwana."